Kabokosi Kodumpha Maaya

Maso a bambo anga atayamba kuchita nkhungu, ndinawapangira kabokosi kolankhula. Kanali kakompyuta kotchipa, kakang'ono ngati sopo, kolumikiza ku sipika ndi batire la sola. M'kati ndinaikamo mawu a shehe wa kumzikiti kwathu ku Nselema, amene ndinawajambula akuwerenga masura onse a Korani, aya ndi aya. Mabatani ndinaika atatu okha kuti chala chisasochere. Ndinanyada nako, chifukwa chiyambireni ntchito yolemba mapulogalamu, aka kanali kanthu koyamba kamene bambo akanatha kukagwira m'manja.

Patatha sabata ziwiri kabokosi kanandipeza ku Balaka, katakulungidwa m'chitenje, wa minibasi atakabweretsa. Ndinaimba foni.

"Kawonongeka, ababa?"

"Iyayi, kakulankhula. Koma kamanama. Pena kamameza chilembo n'kubwezapo china choti chadutsa kale. Mawu amenewa sasewera nawo, mwanawe."

Zinandiwawa. Ine mtima wanga ndi wapachala, choncho ndinangoti makutu awo nawonso ayamba kutsatira maso. Ndinakamvetsera masana onse osamva cholakwika. Koma ndikanamva bwanji? Kumadrasa ndinathawa kalekale, ndipo masura amene ndimawadziwa pamtima sakwana zala za dzanja limodzi. Nditajambula zotuluka pa sipika n'kuziyerekeza ndi fayilo yeniyeni, manyazi anandigwira. Bambo ankanena zoona. Apa ndi apo kachidutswa kochepa kuposa kuphethira kwa diso kankalowa pamalo posakhala pake.

Vuto silinali mu pulogalamu yanga. Linali pansi penipeni, mu kenelo, pulogalamu imene imayendetsa makina onse. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ili ndi kathumba kake kapafupi kotchedwa kashi. Ikalemba chinthu imayamba yasunga mmenemo, chifukwa ku memole yaikulu, nkhokwe ya kompyuta, n'kutali. Koma kachipangizo kotulutsa mawu sikaona za m'kathumba, kamakatapa ku memole. Ndiye kenelo imayenera kulamula purosesa kuti ikhuthule kathumbako kaye. Ikapanda kukhuthula konse, kachipangizoko kamatapa zakale zimene zinatsalira ku memole, ndipo n'zimene bambo ankamva.

Kudziwa zimenezi n'kwina, kupeza pamene palakwika n'kwinanso. Ndinatha sabata zitatu m'kachipinda kanga ka lendi kufupi ndi siteshoni ya sitima, ndikuwerenga mizere yolemba anthu amene sindidzawaona. Panalibe woti ndimufunse. Aneba anga, aphunzitsi ena okoma mtima, ankaganiza kuti ndimakonza mafoni, ndipo ndinatopa n'kuwatsutsa. Tsiku lina ndinayesa kufotokozera wa kabaza amene ankandinyamula popita kumsika. Anamvetsera mwaulemu mpaka kufika, kenako anati, "Pepani bwana, zitheka." Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikudzimvera chisoni.

Cholakwikacho ndinachipeza Lachitatu lina m'mawa. Kashi imakhuthulidwa m'mizeremizere, ndipo amene analemba gawolo powerengera mzere womaliza ankabwerera m'mbuyo m'malo mopita kutsogolo. Mawu akathera pakati pa mzere, mzerewo unkatsala m'kathumba. Ndinasintha malo atatu okha. Ndinaimirira, kuyang'ana uku ndi uku, koma woti ndimuuze panalibe, ndiye ndinangotereka tiyi.

Anthu osamala kenelo ali ndi mwambo wawo. Ukatumiza chokonza, amafuna munthu wina, osati iwe mwini, achiyese, ndipo dzina lake limalembedwa pansi ngati mboni. Mkulu woyang'anira gawolo anandiyankha mwachidule kuti zikuoneka bwino, koma wayesa ndani? Kakompyuta ka mtundu umenewu kanali katatha kale fasho, ndipo pa onse amene anawerenga kalata yanga palibe anali nako.

Ndinakwera minibasi ya ku Nselema kabokosi kali pamiyendo.

Bambo anayala mkeka pakhonde atangochoka ku swala, pemphero la m'mawa. Anaika kabokosi pabondo, n'kudina batani. Milomo yawo inkayenda patsogolo pa mawu a shehe, ngati munthu wotsogolera mlendo panjira. Ndikafuna kulankhula ankangokweza dzanja. Ankaimitsa pa nthawi ya swala ndi ya chakudya basi. Tinakhala choncho masiku anayi, ine pambali pawo ndikusenda nandolo. Chichokereni pakhomopo ndinali ndisanakhalepo nawo nthawi yaitali chotero.

Sura yomaliza itatha anatembenukira kwa ine.

"Tsopano kakunena zoona," anatero. "Chinavuta n'chiyani?"

Aka kanali koyamba kundifunsa za ntchito yanga. Ndinawafotokozera za kathumba kaja, ndikuyembekeza kuti nawonso anditi pepani. Koma anafunsa ngati mzere wotsalawo unkakhala womaliza nthawi zonse, ndipo nditavomera anagwedeza mutu.

"N'chimodzimodzi ana a kumadrasa. Kothera aya n'kumene amameza."

Ndinawapempha kuti ndilembe dzina lawo ngati mboni. Anaseka, nati anthu akunjawo awadziwira kuti, komabe analola, bola ndilembe ndi dzina la bambo awo lomwe. Chokonzacho chinalandiridwa, ndipo dzinalo lilipobe m'mbiri ya kenelo, pansi pa langa.

Bambo anatisiya dzinja lotsatira. Pogawana katundu, achemwali anga anandipatsa kabokosi, chifukwa palibe wina ankakafuna. Kali pathebulo langa kuno ku Balaka, ndipo batani lapakati linafufutika ndi chala chawo. Kenelo yasinthidwa kangapo chichokereni nthawi imeneyo. Ikatuluka yatsopano ndimaiikamo, n'kuyerekeza mafayilo monga mwa ntchito, ndipo makina amati zonse zili bwino. Ndikatero ndimadina batani n'kukhala pansi kumvetsera. Shehe amawerenga, ine n'kumangomutsatira m'mbuyo. Kakanati kameze chilembo lero, m'nyumba muno mulibe amene angamve.