Yamikani wasiyitsa amayi mapiritsi a BP

Mwaswera bwanji nonse. Amayi agwa lero pamsika pa Phalula akugulitsa tomato. Tili kuchipatala, atsitsimuka.

Anesi atafunsa za mapiritsi a BP, amayi ati anasiya kumwa milungu iwiri yapitayo. Mng'ono wangayu Yamikani, atabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, anawerenga kapepala ka m'bokosi n'kupeza kuti mankhwalawo amatha kuyambitsa chizungulire. Ndiye anawalanda mapiritsiwo, n'kuwagulira adyo.

Anesi amufunsa zimene amaphunzira. Wayankha chapansipansi kuti za nkhalango.

Panopa amayi akukana mapiritsi atsopano. Akuti, "Iyayi, ayambe wawerenga mwana wanga wa ku yunivesite."

Ndani awauze amayi kuti adokotala awowa ndi a mitengo? Ine ndayesa, andiyankha kuti ndi nsanje poti ndinalekezera Fomu 2.