Fanesi ya Alamu

Pali anthu amene ndimawapatsa moni pa tchalitchi chifukwa choti dzanja lilipo basi. Mmodzi wa iwo ndi alamu anga a ku Germantown, akulu ake a mwamuna wa mng'ono wanga. Ndimawapeputsa, ndipo sindibisa. Munthu wake ndi uja woti ukamuuza kuti galimoto yako ikulira modabwitsa, asanaione n'komwe wakuuza kale chavuta, ndipo ukamumvera, mawa lake ukwera basi. Kumudzi ankagulitsa zipangizo za njinga mu msika. Atafika kuno ku Amerika n'kugula bokosi la masipanala ndi foni yoonerapo mavidiyo, anadzidzoza okha kukhala injiniya wa chilichonse chokhala ndi waya kapena paipi.

Nyumba yawo ndi ya zogundizana zija, yosanja, yokhala ndi chipinda chapansi chimene kuno timati besimenti. M'menemo ndi mmene ankakhala mng'ono wanga ndi mwamuna wake atangokwatirana. Mwamunayo amayendetsa thiraki, ndipo nthawi zambiri amakhala ali m'misewu yakutali. Pakona pa besimentiyo, kuseri kwa chitseko chokhala ndi timipata tolowera mpweya, panali fanesi, makina oyaka ndi gasi amene amapopa mpweya wofunda kupita m'zipinda zonse. Bedi la mng'ono wanga linali moyang'anizana ndi chitseko chimenechi.

Fanesiyo inayamba kudandaula kuzizira kutangoyamba, mng'ono wanga ali ndi pakati potopa napo. Ndinkapita kukamuona Loweruka kuchokera ku Greenbelt kumene ndimakhala. Tili chikhalire kucheza, tinkangomva kuti gu! kuseri kwa chitseko chija, ngati wina wagwetsa mtondo. Ikatero inkayaka pang'ono, kuzima, kuyakanso, osakhazikika. Chipinda chimodzi kumwamba chinkatentha, china chili zii. Mawindo ankachita thukuta m'kati mpaka madzi kuyenderera, ndipo m'besimentimo munkamveka kafungo ka chitsulo chopserera.

Ine si mmisiri. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo m'nyumba zimenezo ndaona kuti fanesi ikayamba zoterezi, eni ake sachedwa kuitana odziwa. Ndinawauza alamu zomwezo.

"Relax, mlamu," anatero. "Anthu amenewo amangobwera kudzasintha filter basi. Ine ndaiona kale. I got it."

Anaimasuladi tsiku lina, foni ataitsamiritsa pa chidebe, mzungu wa m'vidiyo akulankhula iwo akugwedeza mutu. Anasintha sefa ya mpweya, anapukuta fumbi. Atapeza kuti paipi yotulutsira utsi kunja yadyeka ndi dzimbiri pa mfundo, anaikulunga ndi tepi yotuwa ija yomatira makatoni. Kenaka anadzijambula ataima pambali pake, sipanala ili m'manja, n'kutumiza chithunzicho ku gulu la pafoni la abambo a mu mpingo. Lamulungu lotsatira ndinawamva ndi makutu angawa akuuza anzawo kuti amene fanesi ikumuvuta asataye nthawi ndi makampani, angowaimbira iwo. Safunsa anadya phula, koma uyu phulalo ankafuna kugawirako mpingo wonse.

Mwana anabadwa mu Januwale, wamwamuna, chipale chofewa chimene kuno timati sinowo chili mbuu panja. Amayi awo a alamu, apongozi a mng'ono wanga, anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi kudzathandiza. Anali asanaonepo kuzizira kotere, ndipo ankayenda m'nyumba atavala majuzi osanjikiza ndi chipewa cha mwana wawo. Atangotuluka ku chipatala mayi ndi khanda, iwo analamula kuti besimentiyo ndi chikuta. Mpaka mchombo utagwa, mwana satuluka, mwamuna salowa, ndipo aliyense wotentha, kutanthauza amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi, asamugwire mwanayo kuopa kumutsempha. Ine anandilola kulowa chifukwa banja langa linatha kalekale.

Mwambowu ndilibe nawo chifukwa. Ifenso tinakulira momwemo. Vuto linali lakuti amayiwo anamva kamphepo kakuwomba pa timipata ta chitseko cha fanesi chija, ndipo kwathu khanda silifuna mphepo. Anatenga zitenje zawo n'kutseka timipata tonse, china anachipinda n'kuchitsendera kunsi kwa chitseko, ndipo kawindo kakang'ono ka m'besimentimo anakaphimba ndi bulangeti. Iwo sindiwaimba mlandu. Sankadziwa kuti kuseri kwa chitsekocho kuli moto wofuna kupuma. Amene anayenera kudziwa ndi injiniya wathu uja, ndipo iye anayamikira kuti amayi achita bwino, tsopano kutentha sikuthawa.

Pakhoma la m'besimentimo panali kabelu kochenjeza za mpweya woipa. Kanayamba kulira masiku omwewo. Alamu anapereka malangizo ataima pamwamba pa masitepe, poti mwamuna salowa m'chikuta: anauza amayi awo kuti akachotse pakhomapo n'kuwapatsira. Anachotsamo batire n'kukaponya mu dirowa ya kukhitchini, akuti kakudzutsa mwana.

Izi ndinazimva pafoni kwa mng'ono wanga, amene anazinena ngati nkhani yongodutsa. Chimene ankadandaula nacho chinali mutu. Ankati ukumuwawa ngati wamangidwa ndi chingwe, akumva nseru, koma akakwera kumwamba kukasamba umayamba kuleka. Apongozi akenso ankamva chizungulire. Ndili mtsikana ku Zomba, banja lina loyandikana nafe linagona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'mwezi wa Juni, ndipo amene anapulumuka ankanena za mutu womwewo.

Ndinawaimbira alamu nthawi yomweyo.

"Alamu, itanani munthu wa fanesi lero. Bwezeraninso batire m'kabelu kaja."

"Mlamu, inu mukuiwala chikhalidwe? Pansipo pali chikuta. Ndilowetse mwamuna wachilendo, sitikudziwa wagona kuti? Mukufuna mwana atsemphedwe? Mchombo ukagwa, we'll see."

Ndinatsala pang'ono kuluma foni. Munthu ameneyu ndi yemwe uja amaima kutsogolo mu tchalitchi n'kumanena kuti za tsempho ndi zachikunja. Ana ake omwe sadziwa kugwada, ukawapatsa moni amakuyankha m'Chingerezi maso ali pa foni. Chikhalidwe anachikumbukira tsiku limene anaona kuti mmisiri akatsika masitepe aja akaona tepi yake ya makatoni, ndipo gulu la abambo likamva. Anabisala kuseri kwa mchombo wa khanda kuti ateteze chithunzi chake cha sipanala. Ine zimenezi ndimazitcha umunthu wochepa, ndipo dzina lina ndilibe.

M'mawa mwake ndinapempha mnzanga kuti andigwirireko ntchito, n'kuyendetsa galimoto kupita ku Germantown. Ndinawapeza alamu pa balaza akumwa tiyi. Nditatsika m'besimenti, mpweya unandilandira wolemera, wofunda mopanda kukoma. Mng'ono wanga anali gone, maso ali lephethe, beseni losanziramo lili pambali. Amayi aja anakhala pampando atagwira mutu.

"Achemwali, mwana sakuyamwa," anatero mng'ono wanga. "Akungogona. Ndikamudzutsa akungotsegula maso n'kugonanso."

Ndinamunyamula. Anali lende, manja akugwa okha ngati nsanza. Ndinamugoneka kaye, n'kupita pa chitseko chija, kuzula zitenje zonse, kutsegula. Lawi la fanesi, limene limayenera kukhala labuluu ngati la pa chitofu cha gasi, linali lachikasu, likuvina ngati la koloboyi. Pa zitsulo panali mwaye, ndipo tepi ya alamu inali itafota n'kulendewera, bowo la paipi lili yasa. Tinali m'nyumba yotseka ndi mbaula, kungoti mbaulayo inali ya ku Amerika.

"Dzuka, tiye panja," ndinamuuza mng'ono wanga. "Amayi, nanunso nyamukani."

Ndinamukulunga mwana m'bulangeti n'kumulowetsa m'jekete langa. Amayi aja anayamba kulira.

"Mwana wanga, mchombo usanagwe? Kunja kuli chisanu chotere? Mukundiphera mdzukulu!"

Phokosolo linawadzutsa alamu pa tiyi wawo. Anabwera n'kuima pakhomo la pamwamba pa masitepe, manja atatambasula uku ndi uku.

"Mwanayo sapita kulikonse. Ngati wafooka, ndi tsempho. Ndipo amene akulowa pansipo kuchokera kunja ndi inu nokha, mlamu. Mumati mulibe mwamuna, koma ife sitidziwa zimene zimachitika ku Greenbelt."

Mawu amenewo anandiwawa, ndipo mpaka lero amandiwawa. Koma pachifuwa panga panali khanda losalira.

"Alamu, za ku Greenbelt tidzakamba tsiku lina, ndipo mudzazimva bwino. Panopa chokani pakhomopo. Mukapanda kuchoka ndikudutsani pamwamba."

Anachoka. Anthu a pakamwa potere sachedwa kupatuka akaona kuti wina watsimikiza. Ndinalowetsa mng'ono wanga ndi amayi m'galimoto yanga, n'kuimba nambala ya zangozi. Pasanapite nthawi msewu wonse unadzaza ndi magetsi ofiira. Ozimitsa moto anabwera ndi kamakina koyezera mpweya, ndipo kanayamba kulira asanatsike n'komwe masitepe. Anatulutsa aliyense m'nyumbamo, anatseka gasi, anatsegula mawindo onse, anagogodanso kwa oyandikana nawo. Chikuta chimene mmisiri mmodzi analetsedwa kulowamo chinapondedwa ndi zimphona za majombo, ndipo palibe amene anazifunsa kumene zinagona. Alamu anali panja, patapata ali kuphazi mu sinowo, akutsatira mkulu wa ozimitsa motowo n'kumamufotokozera m'Chingerezi chawo chonse kuti sefa anasintha okha posachedwapa.

Ku chipatala anawaika onse atatu pa mpweya wothandiza kupuma. Ine ndinakhala pa benchi, jekete langa likadali ndi fungo la mwana, ndikupemphera mawu osalongosoka. Chakumadzulo namwino anandiitana. Ndinamupeza mwanayo atafiira nkhope, akulira mokalipa, kenaka anagwira bere ngati wina akufuna kumulanda. Sindinamvepo kulira kokoma chotero. Mchombo unagwera komweko ku chipatala, ndipo namwino anaukulunga m'kathonje n'kuwapatsa amayi aja. Iwo anaulandira ndi manja awiri, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali.

Mmisiri atabwera pambuyo pake anapeza kuti kuwonjezera pa paipi ija, chitsulo cha m'kati mwa fanesi chinali chitang'aluka, ndipo anaichotsa yonse n'kuika ina. Ndinkaganiza kuti alamu akhala chete kwa kanthawi. Ndinawayesa munthu. Lamulungu lina anaimirira mu tchalitchi kupereka umboni, akuti Mulungu anawapatsa mtima wosakhazikika za fanesi ija, ndipo chifukwa cha kukhala tcheru banja lawo linapulumuka. Mpingo unaomba m'manja. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga kuopa kuchimwira m'nyumba ya Mulungu.

Mng'ono wanga sanabwererenso m'besimenti muja. Kuchokera ku chipatala anabwera kwanga ku Greenbelt, ndipo mwamuna wake atabwerako ku ulendo anapeza nyumba yawoyawo chapafupi. Mng'ono wangayu ndi munthu wofatsa, woti ungamupondere chala n'kukupepesa ndi iye. Pa nkhani yonseyi sanawanene alamu mawu amodzi, moti ndinkakwiya naye.

Mwana atakwanitsa miyezi ingapo, makolo ake anaitana abale ndi a mpingo kudzamuona. Anthu ankalandirana khandalo, uyu alinyamule, uyu alivinitse. Alamu anafika mochedwa atavala suti, anapereka moni wa mokweza kwa aliyense, n'kupita kwa mng'ono wanga atatambasula manja.

"Tabwera nayeni kuno mnyamata wathuyo, awaone abambo ake aakulu."

Mng'ono wanga anagwada pang'ono mwaulemu, mwana atamukumbatira pachifuwa.

"Pepani alamu," anatero motsitsa mawu, "mwanayu akadali m'chikuta."

Mwanayo anali atangochoka kumene m'manja mwa abusa. Alamu anaseka okha, anayang'ana mng'ono wawo, mng'ono wawoyo anayang'ana kumbali. Anayang'ana amayi awo, amayiwo anakonza duku lawo. Manja aja anatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'matumba a suti.

Mnyamatayo pano amakwera basi yachikasu kupita ku sukulu, ndipo amatiyankha m'Chingerezi ngati anzake onse. Pa tchalitchi amathamangira aliyense, amakwera pa miyendo ya madikoni, amavula zipewa za azibambo. Koma alamu akangoti amuyandikire, mayi ake amamuitana n'kumugwira dzanja, ndipo amanena mawu omwe aja, mwaulemu womwe uja. Alamu sanamunyamulepo mpaka lero.