A Zikhale ndi Masamba a Pamsewu wa ku Area 10

Chaka chimene boma linasamuka ku Zomba kudzakhala kuno ku Lilongwe, tonse tinasanduka alendo m'tauni yathu yomwe. Khonsolo yathu ija ya ku Old Town, kumene kalaliki ankayamba wakufunsa za kumudzi asanafunse chimene wadzera, inakula n'kukhala ya mzinda. Malamulo anagwa ngati matalala. Chimanga cha m'mbali mwa msewu ankachitchetcha chisanamasule, mbuzi ikangooneka ankaikweza mulole. Ine ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo zambiri ndinkangozionera kukamwa kuli yasa.

Neba wanga ku Mchesi anali a Jobu Zikhale, wosesa misewu wa khonsolo. Anali bambo wamfupi, wosachedwa kumaliza nkhani, Mkhristu wa ku Nkhoma. Anasesa pamsika ndi pamlatho kuyambira ndevu zisanachite imvi, mpaka tinkawaseka kuti tsache amalikonda kuposa akazi awo a Efelo. Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa ana awo ndi a mlongo wawo wamasiye. Chaka chimenecho anawapatsa ovolosi yatsopano n'kuwatumiza ku Area 10, ku nyumba za mabwana, kumene agalu okha ndiwo ankalonjerana kudzera kumpanda.

Tsiku lina kunamveka kuti alendo akuluakulu ochokera kunja adutsa kumeneko popita ku City Centre. Osesa anauzidwa kuti pa tala pasaoneke ngakhale kachitsotso.

A Zikhale atafika pamsewu wawo m'mawa anapeza nthambi za mango zitayalidwa mopingasa, kumtunda ndi kumunsi kwa geti ina. Munthu wa kwathu kuno safunsa tanthauzo lake. Anavula chipewa n'kugogoda.

Anawatsegulira Nebert, wosamalira maluwa wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe anayala masambawo. Kukanyumba ka antchito kuseri kunali mayi mmodzi, Sauda, atakhala pansi pambali pa mtembo wa mwamuna wake. Malemuyo, Abdallah, anali khukhi, anabwera ndi bwana wake kuchokera ku Zomba mwezi womwewo, ndipo bwanayo anali paulendo. Sauda sankadziwa aliyense m'Lilongwe, ngakhale njira ya kumzikiti. Iwo Asilamu sagoneka maliro, amaika tsiku lomwelo. A Zikhale anandiuza kuti chimene chinawalasa mtima n'chakuti mayiyo ankalira motsitsa mawu, kuopa kusokoneza azungu a nyumba ina.

Anatuluka n'kukasesa msewu wonse bwinobwino, koma masambawo anawalambalala.

Posakhalitsa anatulukira kapitawo wawo, a Chikaonda, pa njinga. Apa ndimaseka mpaka lero. Bamboyo ataona masamba anatsika yekha pa njinga n'kumaikankha, chipewa chili kumanja, kenako ndiye anakumbukira kuti ndi kapitawo.

"A Zikhale, mwaona nthawi? Chotsani izi msanga."

"Bwana, muno muli zovuta."

"Ndaona. Koma alendo akubwera. Ma order achokera kumwamba, si ine ayi."

"Ndikachotsa, anthu adziwa bwanji? Mayiyo ali yekha ndi mtembo."

"Ndi m'bale wanu kodi?"

"Iyayi, sindikuwadziwa."

A Chikaonda sanali munthu woipa, nawonso anali ndi owaopa. Anayang'ana nthambizo, anayang'ana manja awo, koma kuti awerame azitole okha zinawakanika. Anangoti, "Mukazisiya, mawa mukabweze tsache ku ofesi." A Zikhale anayankha kuti amva.

Nthawi imeneyo msewu unkadzaza ndi amisiri ochokera ku Old Town ndi ku Kawale, opita kukamanga maofesi a boma. Aliyense wofika pamasamba ankatsika pa njinga n'kufunsa kuti, "Atisiya ndani?" A Zikhale, tsache lili m'khwapa, ankawalozera geti. Mmodzi wa iwo, kalipentala wina dzina lake Mikaili, atangomva dzina la malemu anatembenuza njinga kuthamangira kumzikiti. Azimayi ogwira ntchito m'nyumba zozungulira, amene anali asanapatsanepo moni, anayamba kutuluka m'mageti atamanga zitenje, wina ndi nkhuni, wina ndi ndowa ya madzi. Apo ndi pamene Sauda analira mokweza.

Galimoto za alendo zinafikadi, zakuda, zonyezimira. Oyendetsa ake anali ana a kuno konkuno, ndiye zinachita kukwawa podutsa pamasambapo. Alendowo kaya anaona chiyani, sindidziwa. Koma bwana wina wa kukhonsolo amene anali nawo anaona nthambi pa tala watsopano, ndipo anafunsa dzina la wosesa.

Dzuwa litapendeka lole ya wamalonda wina wa ku Old Town inanyamula maliro, amuna atadzaza mpaka ena kutsatira pa njinga. A Zikhale anapita nawo mpaka kumanda ali mu ovolosi ya khonsolo, naima kumbuyo poti mapemphero ake sankawadziwa. Ine ndinabadwa wamantha, ndipo ndikanena zoona, munthu ameneyu ndimamuchitira nsanje.

Ntchito inathadi. Pambuyo pake anakhala mlonda pa sitolo ina, malipiro ake ochepa, ndipo mwana wawo wamkulu analekeza sukulu. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale ndinkaona kuti zinkawapweteka.

Madzulo a tsiku la malirolo ndinali pakhonde pawo pamene ankafotokozera a Efelo, maso ali pansi. Atamaliza, mayiwo anafunsa, ana akumvetsera pakhomo.

"Ndiye ntchito yatha?"

"Yatha."

"Nanga kumandako anthu analipo?"

"Analipo ambiri."

A Efelo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kudzuka. "Mwachokera kumanda inu. Dikirani ndikuikireni madzi musambe."