Miyala Iwiri Yoyera pa Mulungushi

Boti ya amalume imanyamula anthu awiri chabe. Kumbuyo amakhala iwowo, ndi chipewa chawo cha mlaza ndi magalasi omangirira kachingwe. Kutsogolo, pa kathabwa kotentha matako, ndi panga. Malo amenewo sindinawapeze chifukwa cha khalidwe labwino. Amayi ndiwo anatopa nane. Loweruka lililonse ndikatsala kwathu ku Katondo, pakhomo pankafika munthu wodandaula: uyu njinga yake yapezeka padenga la chimbudzi, uyu tambala wake akuyenda atavala sokosi. Ndiye amayi anauza mlongo wawo kuti, "Mutengeni kumadzi uyu. Kumeneko kulibe cha munthu chimene angaononge."

Anaiwala kuti kumadziko kuli amalume.

Timanyamuka m'mawa pa kavani kawo, msewu wa ku damu ya Mulungushi ukutigwedeza mpaka mano kuwawa. Boti imasungidwa pa mudzi wina wa m'mbali mwa madzi, pansi pa mtengo wa mango. Injini ilibe. Injini ndine, ndi nkhafi ziwiri.

Nsomba imene amalume amafuna ndi baasi, yobiriwira kumsana, pakamwa ngati chikwama chotsegula. Siidya ndere, imadya tinsomba tinzake. Siyendayenda pamtetete. Imabisala pamthunzi, pa chitsa chomira, pambali pa thanthwe, kapena pamene pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, n'kumadikira. Ukaponya nyambo pamalo opanda kanthu, ndiye kuti wabwera kudzasambitsa nyongolotsi yapulasitiki. Ntchito yonse ndi kupeza malo, ndipo pamadzi palibe chikwangwani.

Amalume anali ndi malo amodzi, amene anawapeza ine ndikuyamwa. Pagombe la kutsidya pali miyala ikuluikulu yondandalika, yofanana ngati ana a sukulu pa asembule. Umodzi anaupaka penti yoyera. Kumbuyo kwake, paphiri, pali mtengo wautali wouma. Ine ndimapalasa mpaka mwala woyerawo ukhale pansi penipeni pa mtengo uja, n'kutsata mzere womwewo mpaka iwo anene kuti, "Ponya." Ndimaponya nangula, chitsulo cha gudumu la galimoto chomangirira chingwe. Zikatero, timakhala.

Kukhala ndiye kumene kunkandidwalitsa. Dzuwa likukwera, madzi ali phee, miyendo yanga ikuyabwa mkati mwa mafupa. Ndinkawerenga mitambo, mitambo n'kutha. Ndinkagogoda boti ndi chala, amalume n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amalume, tisunthe ko pang'ono."

"Khala pansi."

"Nakhala kudala. Matako yapsa."

"Pano nipamene ninagwira baasi ija amayi ako anakangiwa kuika mu pani chifukwa cha kukula."

"Zija zinasamuka, amalume. Zinayenda ku Lusaka kukasakila nchito."

"Iwe, pakamwa apo."

Amalume ndi mkulu wa mpingo, ndipo kuleza mtima ndiwo mutu umene amaukonda. Tikabwerera ndi tinsomba tiwiri tosakwana mbale, iwo ankati tsikulo latiphunzitsa kanthu. Ine linkandiphunzitsa kuti munthu akhoza kufa ali maso.

Tsiku lina tili pagombe masana, ndinati ndikataye madzi, n'kukwera pamwamba pa miyala ija. Kuchokera pamwamba, damu imaoneka mosiyana. Chakumanzere kwa malo athu, mtunda ngati bwalo la mpira, madzi oyera a m'mphepete ankatha mwadzidzidzi n'kuyamba akuda. Pamalire penipenipo panagona mtengo wathunthu pansi pa madzi, nthambi zake zitatambasuka. Ndili chiyang'anire, tinsomba tinatumpha pamwamba ngati mchenga woponyedwa, ndipo kumbuyo kwake madzi anatupa. Chinachake chachikulu chinali kudya pamenepo, ife tikuwotcha misana pa chipululu.

Ndinatsika mothamanga mpaka kudzisupula bondo.

"Amalume, kuli mtengo pansi pa madzi. Apo chabe. Zikudya."

"Mitengo imadya mbedza," anatero, osachotsa chipewa kumaso. "Malo tili nayo."

Apa m'pamene nkhani ya sukulu ikulowera. Kusukulu kwathu, chilango cha anthu ngati ine ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira ya ku ofesi. Mu Kabwe monse mulibe mwana wodziwa kupaka mwala kuposa ine. Sabata imeneyo sindinavutike kupeza chilango. Ndinaika chule m'kabati ya choko, ndipo pofika Lachisanu ndinali ndi laimu wotsala m'kachigubu ka mafuta ophikira, ndi bulashi yothothoka m'chikwama.

Loweruka masana, titadya buledi, amalume anagona pansi pa mtengo monga mwa nthawi zonse. Ine ndinayenda m'mbali mwa gombe, ndikuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka mtengo wouma wa paphiri unali kumsana kwanga ndipo mtengo womira unali patsogolo panga, ine pakati. Mwala umene ndinaimapo ndi umene ndinaupaka. Laimu akakhala wonyowa amaoneka wotuwa, ngati sunachite kanthu, koma akauma amawala mpaka kutsidya. Mwala wa amalume ndinaumata matope akuda, n'kuuphimba ndi nthambi zaziwisi. Ndinasamba m'manja bwinobwino. Madzulo kunauka mphepo, ndipo tinabwerera kunyumba osalowanso pakati.

Sabata imeneyo sindinamve kanthu m'kalasi. Ndinkangoona mzere: mtengo, mwala, boti.

Loweruka litafika, amalume anayang'ana kutsidya atatsinzinira.

"Madzi yatsika maningi sabata ino. Gombe yasintha."

"Yatsika zoona, amalume."

Sindinaname. Mu Okutobala damu imatsika sabata ndi sabata, ndipo gombe la lero silifanana ndi la dzulo. Ndinapalasa ngati mwana wabwino, mwala wanga pansi pa mtengo wawo, mpaka anati, "Ponya."

Kuponya kwawo koyamba, mbedza inakodwa. Anakoka, anagwedeza, twaini inaduka.

"Chitsa ichi chachoka kuti?"

"Mwina chabwera na mphepo."

Anamanga mbedza ina akung'ung'udza. Anaponyanso, nyambo inamira pang'onopang'ono, ndipo ndodo inapindika mpaka nsonga kugunda madzi. Amalume, munthu amene sathamanga ngakhale mvula ikugwa, anaimirira m'boti. Chipewa chinagwa. Nsomba inatumpha, pakamwa pali yasa, n'kulowanso pansi kuthamangira ku nthambi. "Palasa kumbuyo, iwe, kumbuyo," anatero. Ndinapalasa, boti ikupendama uku ndi uku, mpaka nsomba inabwera pambali itatopa, iwo n'kuigwira pa mlomo wa pansi. Inali yaitali kuchokera kunsonga ya zala zanga mpaka kupitirira chigongono. Tisanapume, inanso inadya. Ngakhale ine ndinagwira yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinakumbuke kuti ndili ndi matako.

Kenako ulaliki unayamba.

"Waona manje? Malo yamene aya, yamene unali kunyoza. Sembe ninamvera iwe, sembe tiyenda kunyumba na chani?"

Ndinaluma kolala ya shati kuti ndisaseke. Anaunena m'boti, anaunena m'vani, anaunena kwa amayi akupala mamba pabwalo. Lamlungu anaimirira pamaso pa achinyamata a mpingo n'kusimba za mnyamata wina wosakhazikika amene ankafuna kusiya malo a madalitso. Dzina sanatchule, koma makosi onse anatembenukira kwa ine. Ndinaweramitsa mutu ngati wolapa, mapewa akugwedezeka. Amayi ena a kumbuyo anaganiza kuti ndikulira, anandisisita pamsana.

Chimene sindinaganizire ndi mbuzi. Zinadya masamba a nthambi zija, dzuwa linaumitsa matope, matope n'kusweka n'kugwa. Loweruka lotsatira titafika pakati pa madzi, kutsidya kunali miyala iwiri yoyera, ikuwala ngati mano a kutsogolo.

Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi shati, anawavalanso.

"Iwe. Uona miyala ingati?"

"Iwiri, amalume."

"Ine ninapaka umodzi."

"Mwina wabala."

Sanaseke. Analoza gombe, ine n'kupalasa. Anatsika, anapita pa mwala wanga, anaupaka chala. Chala chinabwera ndi ufa woyera. Ananunkhiza. Kenako anayang'ana chikwama changa cha kusukulu, chimene pansi pake panali banga loyera limene ndinalephera kuchapa.

"Ninakuika mu ulaliki," anatero motsitsa. "Pamaso pa mpingo."

"Ulaliki unali bwino, amalume. Anthu anaukonda."

Tsiku limenelo sitinaponye mbedza. Ulendo wonse wobwerera kunkalankhula mabampu okha. Pakhomo anauza amayi kuti m'boti mwawo sindidzapondamonso, ndipo pa kathabwa kanga padzakhala mwana wawo, msuweni wanga wa ku Chililalila, woimba kwaya, amene amaopa ngakhale madzi a m'beseni.

Apa ndiye zinandipweteka. Kathabwa kaja ndinkakanyoza, koma Loweruka loyamba lopanda damu ndinadzuka m'mawa mwachizolowezi, n'kupeza kuti ndilibe kopita. Ndinayenda mpaka m'tauni, ndinabwerera, ndinapitanso. Fumbi, kutentha, mawilibala a pamsika. Ndinasinthanitsa maloko a zipata ziwiri za aneba, koma ngakhale phokoso limene linatsatira silinandikome. Maganizo anali pa mtengo wanga womira, ndi munthu wa kwaya atakhala pamwamba pake.

Kutchalitchi ndinamupanikiza msuweniyo kuseri kwa thanki ya madzi.

"Msuweni, mwagwira?"

"Tagwira. Koma ine nasanza kawiri."

"Muponya pa mwala uti?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Pa wako."

"Akamba chani?"

"Akuti ni mwala wa kumanzere. Dzina yako siimveka."

Ndiye kuti mwala wanga unali wabwino, woipa ndinali ine. Ndinayamba kuyang'ana kumwamba, chifukwa pali chinthu chimene ndinkadziwa ine, chimene munthu amene sanalangidwepo kusukulu sangachidziwe. Miyala ya ku ofesi timaipakanso temu iliyonse. Laimu ndi mvula sizionana.

Mvula yoyamba inagwa chapakati pa Novembala, yamphamvu, yogwetsa nthambi. Ndinaima pakhonde ndikuseka ndekha mpaka amayi anatuluka kudzandigwira pamphumi. Inagwanso mawa lake, ndi mkuja. Msuweni anandiuza zotsatira: kutsidya kwatsala mwala umodzi woyera, wakale uja wa penti. Madzi akwera, ada ndi matope, pansi sipaoneka kanthu. Amalume anayesa mwala uwu, anayesa uwo, msuweni akupalasa mozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anabwerera opanda ngakhale mamba.

Lachisanu lina masana, kavani kanaima pakhomo. Amalume analowa, anapereka moni wautali kwa amayi, anafunsa za denga, za mtengo wa feteleza, za odwala a kumudzi. Anamwa tiyi. Ine ndinali pakona ndi buku lotsegula, tsamba lomwelo. Ataimirira kuti azipita, anayang'ana khoma, osati ine.

"Mailo, pa Loweruka, uvale nsapato zolimba."

"Tiyenda kuti, amalume?"

"Usanifunse zopusa. Utenge na bulashi ija. Penti nagula, ya mafuta."

"Nanga msuweni?"

"Ali na kwaya."

M'mawa mwake ndinapalasa mpaka kutsidya, kathabwa kanga kakundilandira ndi kutentha kwake komwe kuja. Tinatsika. Amalume anali kumbuyo kwanga ndi kachitini ka penti, ine patsogolo ndikuyenda pamiyala ngati dokotala woyendera odwala. Mwala wanga ndinauzindikira patali. Uli ndi mng'alu pambali, ndipo mu mng'aluwo munatsala kalaimu kochepa, kosaoneka kwa munthu wa magalasi.

Koma tsiku lija ndili pamwamba sindinaone mtengo womira wokha. Kupitirira pamenepo pali kakhwawa kolowa m'damu, pamene madzi a mvula amatsikira ndi tizilombo ndi nyongolotsi, ndipo pakamwa pake pali chulu chomira. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kuponyapo, ndipo ndikudziwa yankho limene ndingalandire nditapempha.

Ndinadutsa mwala wanga osauyang'ana. Ndinapitirira, ndikucheuka kuona mtengo wa paphiri, mpaka unagwirizana ndi kakhwawa kaja.

"Mwala uja ni uyu."

"Siunali kuno. Unali pafupi."

"Madzi yakwera, amalume. Gombe yasintha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Ine ndinawayang'ana ndi nkhope ija ya kutchalitchi.

"Uli shuwa?"

"Amalume, ine ninganame?"

Anapuma mozama, anatsegula chitini ndi kiyi ya vani, n'kundipatsa. Ndinaupaka bwino, mbali zonse, mpaka m'mphepete, monga anandiphunzitsira kusukulu. Penti ya mafuta siichoka ndi mvula. Pa kakhwawa pakapezeka nsomba, amalume adzakhala ndi ulaliki wina. Pakapanda kupezeka, ndidzayamba kukumbukira pang'onopang'ono kuti mwina unali mwala wa mng'alu, ndipo kukumbukira kotere kumafuna munthu akhale m'boti.