Ba Phinias ndi Galasi la Boma

Munthu wobadwira ku Chinyunyu sadabwa msanga, pakuti kwawoko madzi amatuluka m'nthaka akuwira popanda wosonkhezera moto. N'chifukwa chake ba Phinias, atalembedwa ntchito pa kakiliniki kena ka kumidzi n'kuuzidwa kuti azisamala filiji ya palafini yosungiramo katemera wa ana, sanafunse kuti lawi limabala bwanji kuzizira. Anangogwada n'kuyamba. Ankadula chingwe cha nyale yake, kupukuta mwaye, ndipo palafini akachedwa ku boma ankapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu kukamsaka m'magolosale. Imvi zinawapeza pa ntchitoyo.

Mu 1996, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kunabwera galimoto ndi filiji yatsopano, pamodzi ndi galasi lalikulu lakuda limene analiimika pa zitsulo pabwalo. Akuluakulu analankhula mpaka mithunzi inatembenuka. Anathokoza unduna, anathokoza opereka mphatso, kenako anathokozana okhaokha. Za kagwiridwe ka chinthucho anafotokozera mkati, m'Chingelezi, ba Phinias ali panja kubweza mabenchi. Iwo anatola mawu otsiriza okha: katundu wa boma asamalidwe.

Filiji yatsopanoyo sinkafuna palafini, sinkafuna machesi, sinkafunanso ba Phinias. Iwo anaganiza kuti galasilo limakoka magetsi a ku Lusaka mumphepo, monga wailesi imakokera mawu. Koma ataligwira masana linawaotcha dzanja, ndipo mtima unakhala pansi: ntchito ilipo ndithu. Ndani amasiya chinthu cha mtengo wake padzuwa? Ngakhale mbuzi imamangiridwa khola. Namwino, Sisita Rosina, atapita kumaliro kwawo, mkuluyo anadula mitengo, anamweta udzu, nafolera galasilo kadenga kosadontha, kokongola kuposa ka nyumba yake.

Sisita anabwerako kutatsala tsiku limodzi kuti amayi abwere ndi makanda ku katemera. Anapeza filiji ili zii, kanyale kofiira kakuphethira. Katemera akafunda amatayidwa, ndipo wina sakanafika mvula isanatseke njira. Anasuzumira pawindo, naona udzu.

"Ba Phinias, nanga nkhokwe iyi mwamangira ndani?"

"Ndi mthunzi, ba Sisita. Chinali kupsa chinthu cha boma."

"Atate anga, mwachimana chakudya. Chimadya dzuwa lomwelo."

"Dzuwa liti? Ili lomwe linandipserezera chimanga chaka chatha?"

"Lomwelo. Phwasulani manje manje, tisanalire tonse."

Denga limene analifolera mosamala analigwetsa ndi manja awo omwe, udzu uli mbwee pabwalo. Kenako analowa, nagwada pamaso pa filiji monga ankachitira ndi yakale, ngakhale panalibe lawi loyang'ana. Anakhala pomwepo thukuta lili kamukamu. Dzuwa litafika paliwombo, chinthucho chinatsokomola pang'ono, n'kuyamba kung'ung'udza. Sisita anayang'ana kachipangizo kopimira kuzizira, napuma: katemera anali asanafunde.

Madzulo Sisita anatsegula filijiyo, nawapatsa kabotolo kamene madzi ake anali atayamba kuundana m'mbali. Ba Phinias anatuluka nako panja. Anayang'ana dzuwa, mdani wa minda yawo chibadwire, anayang'ananso chimene chinkawaluma m'manja ndi kuzizira. Moto woyatsa okha ankaudziwa, unkawamvera. Koma uwu unali kumwamba, wopanda mwini, ndipo munthu wina kwinakwake anali ataulemba ganyu. Anavula chipewa.

"Nanga ine, ba Sisita?" anafunsa motsitsa mawu.

"Galasilo likachita fumbi limachita khungu. Muzilipukuta m'mawa uliwonse."

Anachita zomwezo mpaka kupuma ntchito, ndi kansalu konyowa, akuyenda cham'mbali kuti chithunzithunzi chawo chisagwere pagalasi. Ku boma ankawalembabe kuti wosamala nyale, poti dzina la ntchito yatsopanoyo komiti inali isanaligwirizane.