Alamu Athu ndi Ng'ombe Yachilendo

Alamu athu, amuna awo a achemwali anga aakulu, amaweta ng'ombe, koma ntchito imene amaigwira ndi mtima wonse ndi yoyang'ana mitambo. Akafika kubusa amatsamira chulu, chipewa chili pamphumi, n'kumaona ngolo, abulu ndi nkhope za anthu akale zikuyandama kumwamba. Ng'ombe zimadziweta zokha. Madzulo n'zimene zimawadzutsa n'kuwaperekeza kunyumba.

Kubusako kuli kachitsamba kofika m'mawondo, kamene kamaphuka chilimwe chili pakati, udzu wonse utauma. Masamba ake ndi obiriwira mosiririka, koma ng'ombe ikadya sichedwa kugwa. Zobadwira kuno zimakalambalala ngati khomo la munthu amene munayambana naye. Alamu anazolowera zimenezo mpaka kuiwala.

Bambo athu atamwalira, achemwali analandira ng'ombe yaikazi yofiira, ili ndi bere, yochokera kutali kumene kachitsambako kulibe. Cha bambo chimene anatsala nacho chinali chokhachi. Ankachita kuipukuta m'maso ndi nsalu yawo.

"Bambo a ana, uyu ndi mlendo," anatero achemwali. "Maso azikhala pansi, osati kumwamba."

"Anzake amuuza, mayi. Ng'ombetu zimacheza."

Zikuoneka kuti sizinacheze. Tsiku lina masana, alamu atatopa kutsatira mtambo wonga bwato, anatsitsa maso n'kuona yofiira ija ikutafuna mwaulemu, tsamba lobiriwira likulendewera pakamwa.

Abusa a kuno amati ng'ombe ikadya kachitsambako isathamange ndipo isamwe madzi, ingokhala phee. Alamu anaikokera pamthunzi pang'onopang'ono, n'kukhala pansi chingwe chili m'manja. Inkanjenjemera, maso ali kudambo. Achemwali atamva, anafika wefuwefu atasenza ndowa yodzaza.

"Bwererani nayo ndowayo!"

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati mawu amenewo analidi a alamu, poti palibe anali atawamvapo akukuwa.

"Ikafa, inuyo muzikagona m'khola m'malo mwake," anatero achemwali, misozi ili chuchuchu. Koma madziwo anakawakhuthula patali, n'kubwera kudzakhala pambali pawo.

Anakhala choncho atatuwo, mthunzi ukusuntha iwo n'kumasuntha nawo. Pofuna kuti ng'ombe iiwale ludzu, alamu anayamba kuinong'oneza za mwini wake wakale: mmene ankatsokomolera asanalowe m'nyumba, mmene ankayankhulira ndi wailesi ngati ikuwamva.

"Bodza limenelo, sankayankhula nayo. Ankaikalipira," achemwali anawakonza, akuseka ndi mphuno yonyowa.

Kutacha, yofiira inali chiimire, ikubzikula. Mwana amene anali m'mimba ndiye anapita padera, koma yokha inatsala.

Masiku ano achemwali salola kuti ipite kubusa popanda iwo. Amati amuna awo ngosadalirika, ayenera kuwayang'anira. Ife tilibe nawo mawu. Timangoona kuti akamapita amanyamula mphasa imodzi, ndipo pobwera onse awiri amakhala ali ndi udzu kunkhongo.