Chitseko Choyang'anana ndi Mkuyu

Amene amati chipatala ndi mankhwala ndi madokotala basi, nyumba ilibe kanthu, sanalowepo m'chipatala chakale chija. Chinali chachifupi ngati khola, malata ake adzimbiri, ndipo dzuwa likafika paliwombo, munthu wobwera ndi chilonda chapachala ankatulukamo mutu ukuphwanya. Kanjira ka pakati kanali kamdima, konunkha thukuta ndi mankhwala okolopera. Kuseri, pafupi ndi dzenje lotenthera zinyalala, kunali kachitseko kamene anthu ena ankalowera mozemba kukalandira mankhwala otalikitsa moyo. Tsiku limene nyumbayo inagwetsedwa palibe analira, ndipo amene anasangalala kuposa onse anali bambo wina amene ankatchetcha udzu kutsogolo kwake.

Bamboyo anthu ankamutchula kuti a Kheni, chifukwa cha kheni yothirira imene inkayenda nawo ngati mwana wakumanja. Pa moyo wawo anaumbapo njerwa, analonderapo sitolo, anakumbapo zitsime mpaka msana unakana. Mulungu anawapatsa zinthu ziwiri: manja oti akabaya kamtengo pansi kamaphuka, ndi pakamwa posadziwa kupuma. Kunyumba anali ndi mkazi wawo ndi mwana wawo wachisamba, telala, amene anabwerera kwa makolo ndi makina ake osokera mwamuna wake atamwalira. A Kheni ankamutchula kuti mayi, ndipo kulira kwa makinawo pakhonde ndi kumene kunkawauza, adakali kumsewu, kuti pakhomo pali bwino.

Asanayambe kumanga chipatala chatsopano, kunabwera mayi wina wachitsikana wojambula mapulani. Sanayambe ndi kuyeza malo. Anakhala pansi pa mkuyu waukulu umene unali pambali pa nyumba yakale, namafunsa aliyense wodutsa chimene chinkamunyansa akabwera kuchipatala. A Kheni anasiya chikwakwa, nayankha asanafunsidwe n'komwe.

"Mdima, madamu. Munthu akadwala asamaiwale kuti kunja kuli mbalame."

Wamapulaniyo anawakonda mawuwo, ndipo mkuyu anakana kuudula. Chipatala chonse anachimanga mouzungulira. Makoma anali a njerwa zosaotcha, za dothi la pomwepo, zokhala ndi mipata yolowetsa mphepo. Denga linali lalitali, lotsetserekera m'mathanki osungira madzi a mvula. Pakati anasiyapo bwalo la maluwa ndi mabenchi, ndipo zitseko zonse, cha amayi oyembekezera, cha mano, chomangira mabala, zinayang'ana kubwalolo. Munthu ankadikira dokotala atakhala pamthunzi, mphepo ikumuwomba. Tinene zoona, pakuti ena amakonda kunyoza chilichonse chatsopano: nyumbayo inali yabwino, ndipo ambiri anachiriramo amene m'nyumba yakale akanathawa asanaonane ndi namwino.

A Kheni anapatsidwa bwalolo kuti azilisamalira. Anavala ovolosi yatsopano, nadzala maluwa, udzu wonunkhira wothamangitsa udzudzu ndi timitengo toitana mbalame. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo anali pakatikati pa chipatala, kheni m'manja, kupereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana, kulozera alendo kolowera.

Moyang'anana ndi mkuyu panali chitseko chopanda chikwangwani, chofanana ndi zinzake. Wamapulani anachita dala. Ankati kubisa chitseko chimenecho kuseri ndi kuphunzitsa anthu manyazi, ndipo wolandira mankhwala otalikitsa moyo ayenera kudikira pamthunzi womwewo ndi wodwala dzino. Maganizowo ndi olemekezeka, ndipo papepala palibe angawagwetse. Koma chitseko sichisowa chikwangwani kuti chidziwike. Maluwa oyamba asanamasule, aliyense wokhala pabenchi anali atadziwa kale chimene chimatengedwa m'menemo.

Madzulo, banja likakhala pa chakudya, a Kheni ankabweretsa chipatala chonse pamphasa.

"Mukudziwa amene ndamuona lero pachitseko chija? Aphunzitsi aja a njinga yamoto. Atavala magalasi akuda, kuyenda chammbali ngati nkhanu. Ine ndati, 'Mwadzuka bwanji aphunzitsi, mwabwera kudzaonjezera mayunitsi?' Anangoti zyoli."

"Pakamwa panupo padzakugonetsani panja," anatero mkazi wawo.

"Ndalakwa chiyani? Kupereka moni n'kulakwa? Ndi amayi a kwaya aja nawonso, ofuula pamaliro aja. Dziko latha, akazi anga."

Munalibe njiru mwa iwo. Ankangoona, ndipo zimene aona zinkawayabwa pakhosi. Telala ankamwetulira pang'ono, kenako n'kusonkhanitsa mbale ena asanamalize kudya.

Kunja kutayamba kuzizira, telala anayamba kutsokomola. Makina ankalira pang'ono n'kukhala chete nthawi yaitali. Tsiku lina a Kheni anaweruka msanga, napeza mwana wawo akusoka diresi lake lomwe, kulichepetsa m'chiuno, ndipo pampando panali ena awiri ochepetsedwa kale. Anayang'ana mikono yake yowonda.

"Mayi, zovala zikukukulira. Mawa tipitire limodzi."

"Ndi chimfine, ababa."

"Chimfine chodya mnofu? Chipatala chili pakhomo pompano, chokongola, mphepo yokhayokha. Anthu akuchokera kutali kudzangochiona. Ine ndikakulowetsa ndekha osaima pamzere, onse amandidziwa."

"Ndikudziwa kuti amakudziwani."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Ndili ndi mayunifolomu a ana asukulu oti ndimalize," anayankha, napondanso makina.

Anamunyengerera, anamukalipira, anamutumizira abusa. Telala ankangoti mawa. Usinkhu wake unali womwewo, koma ankaoneka ngati akubwerera ku utsikana, ndipo a Kheni ankati akamathirira maluwa, maganizo ali pakhonde la kunyumba.

Lamlungu lina masana, mkazi wawo akuchapa kuseri kwa nyumba, a Kheni anakaima pambali pake n'kuyamba kudandaula za kuuma mutu kwa ana a masiku ano. Mayiyo anafinya nsalu, naiponya m'beseni, naongoka.

"Bambo a ana, khalani pansi."

"Ndaima bwino."

"Mwana wanu zaka zonsezi ankalowera kachitseko ka kudzenje kaja, inu mukutchetcha kutsogolo. Chimwalirireni mkamwini wanu. Ankamwa mankhwala, ananenepa, ankasoka mpaka dzuwa kulowa. Atatsegula chatsopanochi anapita kamodzi, anakuonani mwaima pamkuyu, anabwerera pageti. Anayesa chipatala chakutali chija, ulendo wa tsiku lonse, mpaka thupi linatopa. Anasiya."

A Kheni anakhala pansi, pa mwala wochapira wonyowa.

"Bwanji osandiuza?"

"Akuuzeni liti? Pakati pa nkhani ya aphunzitsi ndi ya amayi a kwaya?"

"Koma ine mwana wanga sindikanamuseka."

"Munamuseka kale. Madzulo alionse, iye akukuthirirani madzi osamba m'manja."

Lolemba m'mawa a Kheni anakafika kuntchito ali ndi ganizo limodzi: mpanda. Akadzala mpanda wa timitengo tothithikana kutsogolo kwa chitsekocho, wolowa sadzaoneka. Tsikulo wamapulani anali pomwepo, akuyendetsa alendo onyamula makamera. Atawaona a Kheni anawakodola, nawauza alendowo kuti bambo uyu ndi amene ananena za mbalame. Alendo anawajambula atanyamula kheni. Gulu litasunthira kumathanki, a Kheni anavula chipewa.

"Madamu, ndimapempha kudzala mpanda apa. Wofika m'mutu."

"Pachitseko ichi? Chifukwa chiyani, bambo?"

"Anthu amaona."

"Ndiye cholinga chake," anatero mofatsa. "Tikachibisa, tabwerera kudzenje la zinyalala kuja. Tikhala tikuwauza kuti matenda awo ndi onyansa. Kodi alipo wadandaula?"

A Kheni anatsegula pakamwa. Munthu amene anali atatchula mayina a theka la mzinda analephera kutchula limodzi.

"Ayi, madamu. Ndimangoganiza."

Wamapulani anawayang'ana kanthawi, nkhope yake itasintha. Anati akambirana ndi mkulu wa chipatala, ndipo mwina ankanenadi zoona. Koma ngakhale akanavomera pomwepo, a Kheni ankadziwa kuposa aliyense kuti mpanda sukula ndi chilolezo. Umafuna mvula zingapo, ndipo mwana wawo mvula zimenezo analibe.

Madzulo ake anakhala pa kampando pafupi ndi makina. Telala anali atatsamira khoma, nsalu ili pamiyendo, osasoka.

"Mayi, mawa sindipita kuntchito. Mkuja sindipita. Maluwa adzithirire okha."

Telala anawayang'ana, kenako anayang'ana kukhitchini.

"Amayi akuuzani."

"Andiuza."

"Ndinawapempha kuti asatero."

"Ndikhala pompano, pakhonde. Pamkuyu sipakhala munthu."

"Pamabenchi padzakhala anthu, ababa. Munawaphunzitsa poyang'ana."

Mawuwo sanawanene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake anawalasa. A Kheni anatola kansalu kodulidwa pansi, namakapinda ndi kukapindulanso.

"Ndine chitsiru, mayi. Koma chitsiru chisakuphe. Pita, ndakugwira mwendo."

Telala anapinda nsalu imene inali pamiyendo pake. Kenako anati, "Amayi andiperekeze. Inu musabwere."

Anapita m'mawa mwake, mayi ake atamugwira mkono, kupumira panjira. A Kheni anakhala pakhonde monga analonjezera, kuyang'ana makina ovindikiridwa. Masana mkazi wawo anabwera yekha kudzatenga bulangete ndi kapu. Namwino sanalole kuti telala abwerere. Chifuwa chinali chitalowerera, ndipo anamugoneka.

Chipinda cha amayi ogonekedwa chinali ndi mawindo aakulu ofika m'chiuno, oyang'ana kubwalo, kuti wodwala aziona zobiriwira ali chigonere. Patapita masiku, telala anatumiza mawu kuti abambo ake abwerere kuntchito, chifukwa maluwa a pawindo lake anali kufota. Anabwerera. Ankayamba kuthirira kutali, n'kumasendera pang'onopang'ono, mpaka kufika pawindo pamene mwana wawo anagona atatsamiritsidwa pa mapilo.

"Mwathira ambiri, ababa. Muwaoletsa."

"Iwe ukudziwa chiyani za maluwa? Soka zako."

Telala anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo a Kheni anadikira atagwira chitsulo cha windo mpaka chinatha.

"N'kokongoladi kuno," anatero telala atapeza mpweya. "Simunkanama. Mbalame zanu zija ndaziona, zimabwera m'mawa pamkuyu. Ndikanabwera kale."

"Ukatuluka udzandisokere ovolosi ina. Iyi yang'ambika pabondo."

"Bweretsani mawa. Singano ndingathe."

Anaibweretsa, ndipo telala anaisoka theka, ulusi wopita mokhotakhota, iye amene mzere wake unkaongoka ngati wojambula ndi rula. Madokotala anayesa zimene akanatha. Mankhwala anayambidwanso, koma anapeza thupi litapita patali. Telala anamwalira mvula yoyamba itangogwa, madzi akuthamanga m'mipaipi kupita m'mathanki, fungo la dothi lonyowa likulowa pa mipata ya makoma monga wamapulani anafunira.

A Kheni adakali pantchito. Chipewa amachikokera kumaso, ndipo mbali ya mkuyu amaithirira atafulatira chitseko chija, kuyenda chobwerera m'mbuyo ngati munthu wokoka chingwe. Moni sapereka. Anthu a pamabenchi amati anayamba kunyada kuchokera pamene alendo aja anawajambula. Kunyumba amadya mwakachetechete, ndipo makina ali pakona, ovindikiridwa ndi nsalu, mkazi wawo akukana kuwagulitsa.

Maliro atatha a Kheni anadzala mzere wa timitengo kutsogolo kwa chitsekocho, osapempha munthu. Mkulu wa chipatala anawaitana, nawauza kuti zimenezo pa pulani palibe, azizule. A Kheni anati amva. Sanazule, ndipo mkuluyo sanabwerezenso. Timitengoto tagwira, tafika m'mawondo. Munthu wokhala pabenchi amaona bwinobwino pamwamba pake.

Aphunzitsi a njinga yamoto aja sanaonekenso pachipatalapo. A Kheni, ngakhale atafulatira, amamvetsera kulira kwa njinga iliyonse yoima pageti.